Tisadikire mitambo kuti tikonze mathirakitala

Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ukafika, alimi amadzaza m'masitolo a zipangizo za galimoto ku Limbe, wina atanyamula batire, wina sitata. Thirakitala yakana kulira, mvula ili pakhomo.

Mathirakitala akale a Massey Ferguson, monga 135 ndi 165, ambiri amayendera dizilo. Kuti alire amadalira batire yamphamvu, mawaya ogwira bwino ndi sitata. Akakhala miyezi osalizidwa, batire imatha moto ndipo mitu yake imachita dzimbiri. Kupukuta mituyo, kumanga mawaya ndi kuliza injini sabata iliyonse sikulira ndalama zambiri. Batire yatsopano ndiye imalira, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Chomwe tikudana nacho kwambiri ndi chizolowezi chogunditsa sitata ndi sikuludiraiva munthu ataima pansi. Thirakitala ikakhala m'giya, imamuponda pomwepo.

Tikupempha makomiti a makalabu kuti aziyendera mathirakitala awo mu Ogasiti, ndalama zokolola zisanathe. A TEVETA nawo, pamodzi ndi Soche Technical College, atiganizire maphunziro afupiafupi a madalaivala athu.