Makuponi a feteleza: masiku a mlimi akuwerengera ndani?

Inu a ku Unduna wa Zamalimidwe, chaka ndi chaka mumatilengezera mtengo wa thumba la feteleza wotsika mtengo, ndipo mumaulengeza monyadira. Nanga zimene mlimi amataya pothamangitsa thumbalo, mumazilemba m'buku liti?

Makuponi anayamba mu 2005 pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika: la feteleza wokulitsa, la wobereketsa ndi la mbewu. Mu 2020 ndondomekoyi inasanduka AIP, mapepala anachoka, chitupa cha unzika chinalowa m'malo mwake, ndipo thumba la makilogalamu 50 linali K4,495. Pofika 2022 linali K15,000. Maboma asintha, mayina asintha, mitengo yasintha, koma mzere wa pa depoti ukadali womwewo.

Mayi amene wadzuka tambala asanalire n'kuyenda wapansi kukafika pa depoti, kenaka n'kuuzidwa kuti netiweki palibe, abwere mawa, munda wake akumupalirira ndani? Akagona pakhonde la depotiyo kuopa kutaya malo pa mzere, ana ake adya kwa yani? Akabwerera katatu, n'kulipira kabaza katatu, thumbalo likadali lotchipa? Nanga wina akamunong'oneza kuti aikepo kangachepe kuti dzina lake lioneke m'makina, ndalama imeneyo imalowa pa risiti iti?

Musatiuze kuti mlimi ali ndi nthawi yambiri. Miyezi ya Novembala, Disembala ndi Januwale ndiyo imene mlimi alibe mpata ngakhale wopuma. Ndi nthawi yodzala, yopalira, yobandira, ndiponso yogwira maganyu kuti pakhomo papezeke ufa. Tsiku limodzi pa mzere ndi tsiku la udzu kumunda.

Alangizi anu omwe amaphunzitsa kuti feteleza wokulitsa athiridwe chimanga chikangomera, ndipo wobereketsa atsatire patapita masabata atatu kapena anayi. Ndiye n'chifukwa chiyani depoti imakhala ndi Urea wobereketsa yekha pamene mlimi akufuna NPK wokulitsa? N'chifukwa chiyani wokulitsa amafika chimanga chili m'chiuno? Kodi amene amalemba malangizo ndi amene amagula feteleza sagwira ntchito mu unduna umodzi? Mvula yoyamba siidzidzimutsa munthu m'dziko muno. Mwezi wake aliyense amaudziwa.

Mumadzudzula alimi amene amabwereketsa zitupa zawo kwa mavenda, ndipo n'zoona kuti mchitidwewu ukupha cholinga cha ndondomekoyi. Koma munadzifunsapo kuti amatero chifukwa chiyani? Mlimi ameneyo wawerengera. Mbali ina kuli ndalama yapamanja lero, njala ili pakhomo. Mbali inayo kuli sabata ya pa mzere, ndalama yoombolera imene alibe, ndi thumba limene mwina safika nalo kunyumba. Umenewo si ulesi kapena umbuli. Funso lenileni ndi ili: zimatheka bwanji kuti venda wonyamula zitupa zambirimbiri atuluke ndi matumba, pamene mwini chitupa chimodzi akuuzidwa kuti katundu watha? Amamutsegulira chitseko ndani? Mwa amenewo, angati anaimapo m'khoti?

Musabisalenso kumbuyo kwa kusowa kwa ndalama zakunja. Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni zogulira feteleza zinaperekedwa ku Barkaat Foods, kampani ya ku Britain imene inkadziwika ndi malonda a nyama. Nduna ya Zamalimidwe Lobin Lowe inachotsedwa pa udindo. Mlimi amafunsidwa chitupa kuti agule matumba awiri okha. Nanga kampani imeneyo inafunsidwa chiyani isanalandire mamiliyoni a anthu okhoma msonkho?

Opindula nawonso akhala akuchepa. Mu 2020 anali oposa 3 miliyoni, pofika 2023 anatsala pafupifupi 1.5 miliyoni. Amene anachotsedwa pa mndandanda analemera? Anasiya kulima? Anauzidwa chifukwa chake, kapena anangozindikira atafika kale pa depoti?

Sitikunena kuti thandizoli lithe. Banja limene lalandira matumba ake awiri pa nthawi yake limakolola, ndipo aliyense wokhala kumudzi waziona ndi maso. N'chifukwa chake tatopa ndi kuchedwa kwanu. Chinthu chothandiza chotere mwachisandutsa juga, moti mlimi akuchita kufunsa mnzake ngati n'koyenera kuvutikira.

Zofunika kuchita n'zodziwika. Feteleza wa mitundu yonse iwiri akhale ali m'madepoti pofika Okutobala. Mayina amatidwe poyera m'midzi kugulitsa kusanayambe. Mudzi uliwonse upatsidwe tsiku lake, ndipo netiweki ikavuta pakhale njira ina yogulitsira tsiku lomwelo. Pakutha pa nyengo, tiuzeni alimi angati analandira feteleza mvula isanagwe, osati matani angati anagulidwa. Ngati chiwerengero chimenecho muli nacho, chitulutseni. Ngati mulibe, mumadziwa bwanji kuti ndondomeko yanu ikuthandiza?