Ophunzira za Miyala Asakhale Pakhomo ndi Madigiri Awo

Chaka ndi chaka, sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo, imene idatsegulidwa m'chaka cha 2014, pamodzi ndi Yunivesite ya Malawi ku Zomba, zimatulutsa anyamata ndi asungwana amene aphunzira za nthaka, miyala ndi madzi a pansi. Makolo amalulutira pa tsiku lolandira madigiri. Koma tifuna kuti akuluakulu a m'maofesi a Boma adzifunse: kodi ana amenewa akavula mikanjo ija amalowera kuti?

Ambiri mwa iwo mtima uli ku migodi, ndipo sitingawadzudzule, pakuti mbiri ya Kasiya ku Lilongwe, Songwe ku Phalombe ndi Kangankunde ku Balaka yamveka ponseponse. Komabe tisaiwale za Kayelekera ku Karonga. Mgodi wa yureniyamu umenewu udatsegulidwa m'chaka cha 2009. Ngozi ya ku Fukushima m'dziko la Japan itachitika mu 2011, mtengo wa yureniyamu udagwa, ndipo mu 2014 kukumba kudaima. Padapita zaka zoposa khumi kuti ntchito iyambenso mu 2025. Tsono wachinyamata amene adaika moyo wake wonse pa mgodi umodziwo akadadya chiyani zaka zonsezo? Kampani imatsata mtengo wa kunja, ndipo mtengowo sitiulamulira ife.

Motero ife tikuti khomo loyamba la ana amenewa liyenera kukhala nthambi ya Boma yofufuza za miyala ku Zomba. Ntchito kumeneko ilipo yambiri. Awerengi athu akukumbukira ndege za kauniuni zimene zinkauluka motsika m'dziko lino, ndipo zotsatira zake zidaperekedwa mu 2015. Ndege imangoonetsa chizindikiro chakuti pansi pali kanthu. Kuti tidziwe kanthuko, pafunika munthu woyenda wapansi, nyundo m'manja ndi kabuku m'thumba, amene akagumule mwala, auyang'ane, nalembe malo ake. Luso lotere silipezeka m'kalasi. Munthu amaliphunzira potsata katswiri wamkulu m'tchire chilimwe chimodzi kapena ziwiri, kugona m'matenti ndi kudzudzulidwa akalakwa. Akatswiri akalewo nawonso akukalamba, ndipo akapuma pa ntchito asanaphunzitse wina, nzeru zawo zidzapita nawo kumudzi.

Tisaganizenso kuti maphunziro a miyala ndi a chuma chokha. Mu Disembala 2009 zivomezi zidagwetsa nyumba ku Karonga. Mu Marichi 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira anthu ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre. Ndi munthu wodziwa nthaka amene angauze bwanamkubwa kuti pamtsetse apa pasamangidwe nyumba, kapena kuti mjigo ukakumbidwa apo madzi sadzatuluka. Nkofunika kuti makhonsolo azilemba ntchito anthu otere monga m'mene amalembera alangizi a zaulimi, osati kuwakumbukira maliro atachitika kale.

Mawu ena apite kwa atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera. Mlendo wonyamula zipangizo zachilendo, wongozungulira m'phiri ndi kutola timiyala, anthu a kumudzi samumvetsa msanga. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa zimene zidavuta ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017, pamene anthu osalakwa adaphedwa chifukwa chongoganiziridwa. Wachinyamata akabwera ndi kalata ya Boma, mutengereni kwa amfumu, afotokoze pa bwalo chimene wadzera, ndipo mumupatse munthu womulondolera njira. Iyenso pochoka atsazike, ndi kuwauza eni mudziwo zimene wapeza m'phiri lawo.