Mfuti isayandikane ndi mkwiyo wa pantchito

Abale anga, inu amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ine sindikonda kuikira kumbuyo mabwana. Wantchito akachotsedwa popanda chifukwa, cholembera changa chimakhala mbali yake. Koma lero mundikhululukire, pakuti pa nkhani ya mfuti pamalo a ntchito ndaima ndi bwana.

Nkhaniyi ndi ya ku America, ndipo inayambira m'tauni yaing'ono ya Valliant, m'chigawo cha Oklahoma. M'chaka cha 2002 kampani ya Weyerhaeuser, imene inali ndi fakitale ya mapepala kumeneko, inachita chipikisheni m'magalimoto a antchito pofunafuna mankhwala ozunguza bongo. M'magalimoto ena anapezamo mfuti. Eni ake anachotsedwa ntchito, chifukwa lamulo la kampani linkaletsa mfuti ngakhale pabwalo loimikapo magalimoto.

Aphungu a ku Oklahoma anapsa mtima. Mu 2004 anakhazikitsa lamulo loti bwana asaletse munthu kusunga mfuti m'galimoto yokhoma pabwalo la kampani. Makampani angapo, kuphatikizapo ya mafuta ya ConocoPhillips, anakasuma kukhoti. Bungwe la eni mfuti la NRA linamema anthu kuti aleke kugula mafuta a kampaniyo, ndipo mu 2009 khoti la apilo linagamula kuti lamulolo likhalepo. Lero zigawo zoposa 20 zili ndi malamulo otere.

Chimodzi mwa izo ndi Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu, makamaka ku South Bend. Kumeneko lamuloli linayamba mu 2010. Chaka chotsatira anawonjeza lina loletsa bwana kufunsa wantchito ngati ali ndi mfuti, ndipo kuyambira mu 2022 munthu wamkulu wopanda mlandu atha kuyenda ndi mfuti yam'manja yobisa popanda chiphaso. Bwana angathe kuletsa mfuti m'kati mwa fakitale, koma mphamvu yake imathera pakhomo.

Ogwirizana ndi malamulowa si opusa ayi. Iwo akuti galimoto ndi katundu wa mwini wake. Akutinso mayi woweruka pakati pa usiku, amene ayende ulendo wautali yekhayekha, ali ndi ufulu wodziteteza panjira. Ndipo akuti chigawenga sichiwerenga chikwangwani. Pamenepa akunena zoona: mu 2021 mnyamata amene kale ankagwira ntchito ku FedEx mumzinda wa Indianapolis anafika ndi mfuti n'kupha anthu 8, ndipo palibe chikwangwani chikanamubweza.

Koma tamverani zimene zinachitika ku Meridian, m'chigawo cha Mississippi, mu 2003. Wantchito wina wa pafakitale ya Lockheed Martin anatuluka mumsonkhano atakwiya, napita pagalimoto yake, natenga mfuti. Anapha anzake 6, kenaka n'kudzipha yekha. Sanachokere kutchire ayi. Anali mnzawo wa tsiku ndi tsiku, ndipo anzake akuda anali atadandaulapo kale kuti amawaopseza.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pantchito ndi pamalo pamene anthu amakangana: za malipiro, za kukwezedwa, za kalata yochotsa munthu ntchito. Kawirikawiri mkwiyo wotere ndi moto wa mapesi, suchedwa kuzima. Mfuti ikakhala kunyumba, munthu amayenda mtunda, amakumana ndi mkazi wake pakhomo, mtima n'kukhala pansi. Ikakhala pabwalo la kampani, amaipeza mkwiyo usanazizire. Lamulo la bwana silingaletse chiwembu chokonzedwa mwezi wathunthu, koma litha kutalikitsa dzanja lokwiya ndi chipolopolo. Mtunda umenewo ndi moyo wa munthu.

Palinso china chimene sichiwerengedwa pamodzi ndi maliro, ndicho mantha. Mfuti yobisa imalamulira ngakhale isanalire. Kodi mtsikana amene akuvutitsidwa ndi mnzake wa pantchito angapite kukadandaula, akudziwa kuti mwina m'galimoto ya mkuluyo muli mfuti? Nanga mlendo wochokera kutali, amene akusamala pakamwa kale, angatsutse bodza pamsonkhano? Amatiuza kuti mfuti ndi ufulu wa wantchito. Inde, koma wantchito uti? Ufulu wa mmodzi ukatseka pakamwa anthu ena onse, pamenepo palibe chilungamo.

Komabe bwana asanyade msanga, pakuti nayenso ali ndi ngongole. Kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha lamulo limene sanalimvetse bwino ndi nkhanza. Lamulolo lilembedwe momveka, aliyense auzidwe pa tsiku loyamba, ndipo wolakwa koyamba achenjezedwe. Likhale la onse, kuyambira wosesa mpaka manijala, pakuti amene anapha antchito 6 m'sitolo ya Walmart ku Chesapeake mu 2022 anali kapitawo wawo. Ndipo bwana akalanda munthu chodzitetezera, ayenera kuika alonda pageti, magetsi pabwalo, ndi khutu lomva madandaulo asanasanduke maliro. Kuletsa mfuti koma n'kunyalanyaza woopseza anzake ndi kutseka zenera chitseko chili chotsegula.

Inu amene muli ndi abale ku Indiana kapena kwina kulikonse ku America, mukamalankhula nawo musangofunsa za ndalama. Auzeni awerenge malamulo a pantchito pawo, ndipo akamva wina akuopseza mnzake akanene tsiku lomwelo, ngakhale kulemba kalata kumene. Tsoka silinunkha. Aphungu aja anateteza mfuti ya m'galimoto. Wantchito wopanda mfuti akudikirabe womuteteza.