Nyumba ya anthu onse ikome m'kati

Ciyambire caka ca 2022, pamene Boma linakweza thumba la citukuko la CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, nchito yomanga yakula m'dziko lonse. Makiliniki, makalasi, misika ndi nyumba za amai oyembekezera zikuima kumene kunali chire, ndipo dera la Feira, m'boma la Luangwa, likulandira gawo lake monga madera ena onse. Ici ndi cinthu coyamika. Koma pa tsiku lopereka nyumba yatsopano ambiri a ife timaima pabwalo, kuyang'ana utoto ndi malata onyezimira, kuomba m'manja ndi kubwerera kwathu osalowamo. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Lero tifuna kulankhula za m'katimo, pakuti amene adzaweruza nyumbayo ndi mai wokhala pa benchi masana a mu Okutobala, mwana wodwala ali pa miyendo.

Luangwa ali ndi zifukwa zake zakuti nkhaniyi iyambire kumeneko. Pamene mtsinje wa Luangwa uthira mu Zambezi ndi pamene pali malo otsika kopambana m'Zambia monse, mamita pafupifupi 330 pamwamba pa nyanja yamcere, pamene Lusaka ali pa mamita opitirira 1,200. Cifukwa ca kutsikaku, kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40 kawirikawiri. Pulani yojambulidwa ndi munthu wa kumtunda, ikatsikira ku cigwa osaikonzanso, imabala ng'anjo. Ndiponso malo amenewa ndi pokumanira anthu kuyambira kale. Dzina lakale lija, Feira, ndi liu la Cipwitikizi lotanthauza msika, ndipo Apwitikizi anakhazikika ku Zumbo, tsidya la Luangwa, ca m'ma 1720. Mpaka lero a ku Zumbo m'Mozambique ndi a ku Kanyemba m'Zimbabwe amaoloka madzi kudzagula ndi kudzagulitsa. Sitolo, msika kapena kiliniki ya ku Luangwa imatumikira anthu a maiko atatu.

Tiyambe ndi kutentha. Lata likapsa ndi dzuwa limaponya moto wake pansi, pa mitu ya anthu. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndipo ukapanda kupeza potulukira umadzaza cipinda conse. Mankhwala ake ndi odziwika. Denga likwere, ndipo pansi pa malata paikidwe siling'i. Pamwamba pa makoma pasiyidwe mipata yochinga ndi sefa ya waya, kuti mpweya wotentha utuluke koma udzudzu ndi mileme zisalowe. Mazenera akhale pa makoma awiri oyang'anana, kuti mphepo ilowere uku ndi kutulukira uko. Makoma aatali a nyumba ayang'ane kumpoto ndi kum'mwera, kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo, limene limalowa copendeka, ligwere pa makoma aafupi. Njereza ndi utoto woyera zimabweza dzuwa, pamene utoto wakuda umalisunga. Khonde lalikulu limaphimba khoma, ndipo mtengo wobzalidwa kumadzulo umacita nchito imene palibe makina angaicite kwaulere.

Ena adzati fani ndi makina oziziritsa zidzathetsa zonsezi. Tikumbuke caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi pa damu la Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola oculuka tsiku lililonse. Nyumba imene imapuma ndi magetsi okha, magetsi akazima imabanika. Makolo athu, Ansenga ndi Acikunda, anadziwa cigwa cao: anafolera ndi udzu wocindikala, anazunguliza khonde, ndipo milandu anakambira pansi pa mtengo. Sitikunena kuti kiliniki ifoleredwe ndi udzu, pakuti moto, makoswe ndi ciswe sizingalole. Tikunena kuti nzeru yao ya mthunzi ndi mphepo ilowe m'nyumba ya njerwa. Nzeruyi itetezanso moyo. Cifuwa cacikulu ca TB cimayenda mu mpweya, ndipo mliri wa Covid-19, umene unafika m'dziko muno mu 2020, unatiphunzitsa kuti anthu ambiri otsekeredwa m'cipinda copanda mphepo amapatsirana matenda. Munthu asabwere ku cipatala ndi malungo ndi kubwerera ndi cifuwa.

Caciwiri ndi podikirira. Taganizani za mai wocokera ku Kavalamanja kapena ku Kaunga, amene wanyamuka nkhuku zisanatsike, akuopa njobvu panjira. Pofika ku boma miyendo yatha. Nthawi yaikulu imene adzakhala m'nyumba ya boma idzathera pa kudikira, koma kawirikawiri ojambula mapulani amapatsa malo aakulu ku maofesi, ndipo odikira amawasiyira kanjira kopapatiza kapena pabwalo pa dzuwa. Izi zitembenuke. Podikirira pakhale poyamba kuyezedwa, potengera tsiku la anthu ambiri monga la sikelo ya ana kapena la malipiro, osati tsiku la anthu asanu. Mabenchi akhale ndi potsamira. Madzi akumwa ndi osamba m'manja akhale poonekera pakhomo, ndipo cimbudzi cikhale pafupi ndithu, cakuti nkhalamba ifikeko osataya malo ake pamzere.

Tiyang'anenso pamene wanchito akumanirana ndi munthu. Kauntala yaitali yofika pa cifuwa, yokhala ndi kabowo kolankhulira, imacititsa munthu kufuula zinsinsi zake ndi kuoneka ngati wopempha, pamene nyumbayo ndi yake, yomangidwa ndi msonkho wake. Mbali imodzi ya kauntala itsike, kuti wokhala pa mpando athe kulemba ndi kuonana maso ndi amene akumuthandiza. Ku kiliniki, khoma la cipinda copimira lifike mpaka pa siling'i, ndipo benchi isagunde citseko cake. M'mudzi tonse timadziwana. Mtsikana amene mau ake amveka kwa apongozi a mnansi wake sadzabweranso, ndipo bambo amene ayenera kulowa pa khomo lolembedwa dzina la matenda ake adzasankha kufera kunyumba. Khoma losafika pamwamba lapulumutsa njerwa mazana awiri, koma lathamangitsa odwala.

Cacitatu ndi anzathu olumala, akhungu ndi okalamba. Lamulo la anthu olumala la mu 2012 limafuna kuti nyumba za anthu onse zikhale zotheka kulowamo aliyense. Pambali pa masitepe pakhale njira yotsetsereka, ndipo muyeso wodziwika ndi wakuti ikakwera mita imodzi italike mamita 12. Yocita phiri kuposa pamenepo imagwetsa m'malo mothandiza. Citseko citambasuke masentimita 90 kuti njinga ya wolumala ndi macira zipite, cimbudzi cimodzi cikhale cotakata, ndipo m'mbali mwa njira mukhale cogwirira. Matailosi osalala amaoneka bwino pa tsiku lotsegulira, koma akanyowa amaterera ngati ndere za pamwala, ndipo woyamba kugwa ndi mai wapakati. Simenti yokhakhala pang'ono ndiyochipa ndiponso yosunga mafupa a anthu.

Zikwangwani nazo ndi mbali ya m'kati mwa nyumba. Munthu asayende khomo ndi khomo kufunsa kumene apereka mankhwala. Mau alembedwe m'Cinyanja pambali pa Cingerezi, ndi zilembo zazikulu, ndipo pa boma ndi pa doko liu la Cipwitikizi lionjezedwe cifukwa ca alendo a ku Zumbo. Kwa osadziwa kuwerenga, citseko ciliconse cikhale ndi cithunzi ndi mtundu wake, kuti namwino angoti lowani pa khomo lobiriwira.

Tsono tifike kwa amalonda, pakuti si Boma lokha limene limamanga. Aliyense woyenda pa msewu waukulu wa kum'mawa adziwa msika wa pa mlatho wa Luangwa, pamene mabasi amaima ndipo apaulendo amagula nsomba zouma, mphasa ndi madengu. Kucokera pamenepo msewu umatsika makilomita pafupifupi 90 kufika ku boma, ndipo m'mbali mwake muli timasitolo ndi timisika ta m'midzi. Msika wokonzeka bwino umakhala ndi matebulo okwera a simenti, otheka kutsukidwa, ndi ngalande yoturutsa madzi. Nsomba zaziwisi zikhale mbali yao, zakudya zophika mbali yao, zobvala ndi masau mbali yao. Tinjira tikhale totakata, kuti wosenza dengu ndi wokankha wilibala apambane. Ndipo msika uyang'ane kumene ogula amadzera. M'madera ambiri a dziko lathu muli misika yokongola imene yangokhala mbuu, amai ali kugulitsa m'fumbi la pamsewu, cifukwa womanga sanawafunse kumene wogula amaima.

Kwa mwini sitolo tinene izi. Parafini, sopo ndi mankhwala a kumunda zikhale kutali ndi ufa, shuga ndi mcere, pakuti ufa umamwa fungo ndipo mankhwala amapha. Matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma. Akhale pa matabwa, kuti cinyezi ndi makoswe zisawapeze. Mitengo ya katundu ilembedwe poyera, kuti wogula asacite manyazi kufunsa cinthu cimene ndalama zake sizifikapo. Kuwala kulowe, ndipo pakhonde pakhale benchi. Wogula amene wapeza mthunzi ndi pokhala amabweranso mawa, ndipo amabwera ndi mnzake.

Zokonzera m'kati mwa nyumba siziyenera zonse kukwera lole kucokera ku Lusaka. M'cigwa ca Luangwa muli bango ndi milaza, ndiponso manja odziwa kuluka. Mphasa yoikidwa pansi pa malata a khonde kapena a msika imacepetsa moto wa denga, ndipo yopacikidwa kumadzulo imachinga dzuwa koma mphepo imapita. Mabenchi, mashelefu ndi madesiki angapalidwe ndi amisiri a ku Katondwe ndi ku Chitope. Ndi zoona kuti mphasa imakalamba ndipo ciswe cimaikonda, coteronso m'cipinda ca odwala, mofunika kutsuka makoma, siyenera kulowamo. Koma pamene iyenera, ikatha imalukidwa ina m'mudzi momwemo, ndipo ndalama imatsala m'thumba la mwana wa m'boma.

Tikudziwa cimene ena adzayankha: kuti ndalama ndi zocepa, midzi yosowa kiliniki ndi yambiri, ndipo nkwabwino kumanga nyumba ziwiri zopanda siling'i kusiyana ndi imodzi yokwana zonse. Mau amenewa ali ndi kulemera kwake ndipo sitiwanyoza. Komabe zambiri mwa zimene tachula sizifuna ngwee yoonjezera. Kutembenuza nyumba kuti ipewe dzuwa, kuika zenera moyang'anana ndi linzake, kusuntha citseko, kutsitsa kauntala ndi kusiya mtengo wa mthunzi osaudula, zonsezi zimacitika ndi pensulo maziko asanakumbidwe. Zikakumbukika khoma litaima, pamafunika nyundo, simenti yatsopano ndi ndalama kawiri. Enanso adzati mazenera aakulu amaitana akuba. Zitsulo za m'mazenera zilipo cifukwa ca cimeneco. Wakuba aletsedwe, mphepo iloledwe. Nyumba imamangidwa miyezi isanu ndi umodzi, koma adzatenthedwamo ndi ana ndi adzukulu. M'mera mpoyamba.

Motero pempho lathu lipite coyamba ku Khonsolo ya Luangwa ndi kwa amisiri ake a mapulani. Pulani isabvomerezedwe isanaonedwe ndi amene adzagwiritsa nchito nyumbayo. Ambiri a ife sitidziwa kuwerenga pepala la wojambula, koma tonse tingaone mizere ya phulusa pansi. Zipinda zijambulidwe pa dothi pamalo pomwepo, ndipo namwino, mphunzitsi, mai wa pamsika, nkhalamba ndi wolumala ayendemo masana dzuwa lili pamutu, anene pamene pabvuta. Makomiti a citukuko a m'mawodi, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la maboma ang'ono la mu 2019, ndiwo khomo limene zofuna za mudzi zimalowera ku thumba la CDF. Asalembe cabe kuti tifuna kiliniki. Alembenso kuti tifuna podikirira pa mthunzi, siling'i, madzi pakhomo ndi njira ya olumala. Mfumu yaikulu Mburuma, Mfumu Mphuka ndi manyakwawa ao, amene amapereka malo omangapo, ali ndi mphamvu yakufunsa kuti nyumba idzayang'ana kuti, ndi kuti mtengo uti udzatsala.

Pempho lotsiriza ndi la kwa inu, owerenga athu a m'midzi. Safunsa anadya phula. Mukamva kuti kwanu kudzamangidwa, pitani ku msonkhano, ndipo funsani poyera: tidzakhala pati podikira, mphepo idzalowera kuti, agogo adzakwera bwanji, ndipo mau a wodwala adzamveka kwa yani? Nyumba ikaperekedwa, isungeni. Zenera losweka likonzedwe lisanatsekedwe ndi katoni, benchi isasanduke nkhuni, ndipo mtengo wa pakhomo uthiriridwe ndi kuchingiridwa mbuzi. Tsiku lotsegulira likadzafika, musathere pabwalo. Lowani, khalani pa benchi ola limodzi, ndipo mukatero mudzadziwa ngati nthawi yoomba m'manja yakwana.