Kodi ku Joni Nkufupi Kupambana ku Lusaka?

Masiku ano makolo ena a kuno kum'mawa alandira matikiti a ndeke kucokera kwa ana ao amene agwira nchito ku Johannesburg, kumene ife tinazolowera kuchula kuti ku Joni. Tikitiyo ionetsa kuti ulendo wocokera ku Lusaka ndi wa maola awiri cabe. Nkhalamba ikamva zimenezi ipukusa mutu, pakuti ikumbukira makolo athu amene anali kuyenda pansi masabata ambiri kukafuna nchito ku migodi ya golide. Maola awiriwo ngoona ndithu, koma afunika kuwamvetsa bwino.

Ndeke ilibe mseu wokhota-khota. Ikanyamuka pa bwalo la Kenneth Kaunda ilunjika kum'mwera kweni-kweni, niuluka makilomita pafupi-fupi 1,200 kufikira pa bwalo la O. R. Tambo. (Maina awiriwa ngoyenerana, popeza a Oliver Tambo anakhala zaka zambiri mu Lusaka pamene cipani cao ca ANC cinali coletsedwa kwao.) Basi yopita ku mzinda womwewo kudzera ku Chirundu, Harare ndi Beitbridge iyenda makilomita monga 1,600, ndipo itha usana ndi usiku, mwinanso kupitirira ngati pa malire pali mzere wautali.

Mwana wa sukulu wodziwa masamu angafunse kuti: ngati ndeke zazikulu zithamanga makilomita 800 pa ola, bwanji osafika pa ola limodzi ndi theka? Liwiro limenelo ndeke ilipeza ikakwera makilomita monga 10 kucoka pansi. Pokwera ndi potsika iyenda mocepetsa. Ndiponso nthawi ya pa tikiti iwerengedwa kuyambira pamene ndeke yasuntha pamalo pokwerera anthu, ikali kuyenda ndi mawilo ndi kuyembekeza cilolezo cakuti inyamuke.

Tsono cimene cisokoneza anthu a kumudzi ndi ici. Kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka pa mseu wa Great East pali makilomita monga 570, osakwana theka la mtunda wa ndeke ija, koma basi itenga maola 8 kapena kuposerapo, makamaka cifukwa ca mapiri a pakati pa Nyimba ndi ulalo wa Luangwa, kumene woyendetsa wanzeru sathamanga. Wa ku Lundazi ayambe wafika ku Chipata. Atatsika mu Lusaka, bwalo la ndeke likali patsogolo makilomita oposa 20 kunja kwa mzinda, ndipo wopita ku dziko lina afunika kufikapo maola atatu nthawi isanakwane, kuti katundu apimidwe ndi pasipoti idindidwe.

Basi mungaithamangire, kondakitala namenya citseko kuti iime. Ndeke siicita zotero. Akatseka khomo atseka, ndipo ndalama zimene mwana wanu anavutikira zingapite padera, kapena adzalipiranso zina kuti tsiku lisinthidwe. Cifukwa cace ife tikuti munthu wocokera kum'mawa asayese kukwera basi ndi ndeke tsiku limodzi. Agone mu Lusaka kwa acibale usiku umodzi. Tayala limodzi lophulika pa Kacholola likwanira kuononga ulendo wonse.

Mwai ulipo pa nkhani ya nthawi: Zambia ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, conco wochi yanu musaisinthe. Koma penyetsetsani manambala a pa tikiti, kapena wina akuwerengereni kawiri, pakuti 06:00 ndi m'mamawa ndipo 18:00 ndi madzulo. Wokulandirani ku Joni mumuuze kuti asade nkhawa mukacedwa kutuluka. Ndeke ikatera pakali mzere wa mapasipoti ndi kuyembekeza katundu, ndipo zimenezi zingadye ola lina lathunthu.