Buku silivota, n'chifukwa chake adalitaya

Tsiku lina mudzayende wapansi kuchokera ku Naperi, kudutsa Chitawira mpaka ku Zingwangwa. Mudzawerenge mabala, malo obetcherana za mpira ndi matchalitchi a m'matenti. Zala zidzakutherani. Kenaka mudzawerenge malo amene mwana wa Folomu 4 angakhale pansi phee n'kumawerenga buku osalipira kalikonse. Mudzabwerera kwanu mutazyolika.

Chikhalirecho lamulo lokhazikitsa National Library Service lidadutsa ku Nyumba ya Malamulo kalekale, mu 1967. Chaka chotsatira boma lomwelo lidabweretsanso lamulo lopima ndi kuletsa mabuku. Jack Mapanje adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, buku lake la ndakatulo atalichotsa kale pamaso pa anthu. Zidali zankhanza, palibe angatsutse. Koma akalewo buku ankaliopa, kusonyeza kuti mphamvu yake ankaidziwa. Alerowa saliopa n'komwe. Amangoliona ngati chinthu chopanda voti.

Taonani mmene amachitira kampeni ikayandikira. Nsalu za chipani, bokosi la maliro, chikho cha mpira cholembedwa dzina la bwana, zonsezi ndalama zake zimapezeka usiku umodzi. Ndalama za chitukuko cha m'madera (CDF) zakhala zikukwera, aphungu akuombera m'manja. Ndi angati adaimirira pamsonkhano n'kulonjeza chipinda chowerengeramo? Laibulale ilibe gule, ilibe nthungululu, ndipo phindu lake limadzaoneka mwini mpando atagwa kale pachisankho.

Akuti ndalama kulibe. N'zoona, kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mapepala ndi mabuku ambiri timagula kunja. Koma buku likadula, m'pamene laibulale imafunika koposa! Mayi wogulitsa mandasi sangasiye ufa n'kugula buku la sayansi. Buku limodzi la mulaibulale limadutsa m'manja mwa ana ankhaninkhani. A Book Aid International amatitumizira mabuku, zikomo kwambiri, koma fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mlendo sangatilembere mabuku a Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao.

Atsogoleri omwewa amakonda kutchula William Kamkwamba akafuna kudzitama pamaso pa alendo. Amaiwala dala kuti mnyamatayu atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2002, chidamupulumutsa n'kalaibulale kakang'ono ka pa Wimbe ku Kasungu. Mmenemo ndi mmene adapeza buku lomwe lidamupatsa nzeru zopangira makina amphepo opukusa magetsi. Kachipinda kamodzi chabe. Ndiye ku Naperi, pakhomo penipeni pa yunivesite ya MUBAS ndi sukulu ya madokotala, tikutaya a Kamkwamba angati?

Nafenso tisadziyeretse. Paukwati timaponya ndalama pa perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa. Banki m'khonde sitijomba. Maholo a matchalitchi athu amakhala otseka kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, mabenchi akungotuwa fumbi, pamene ana akuwerengera pakatochi ka foni m'nyumba momwe wailesi ikulira.

Akhansala ndi aphungu, sitikupempha nyumba yosanjikizana ayi. Chipinda chimodzi, mashelefu, magetsi a sola ndi munthu wolipidwa woti azitsegula chitseko m'mawa uliwonse. Inu a ku Naperi, akadzabweranso ndi nsalu zawo, mudzawafunse kaye kuti chipindacho chili pati.