Cimbalangondo cakuda cimene sicili cakuda

Mwezi uno tikutengerani ku North America, kumene alenje amasaka nyama imene ambiri a ife timangoimva m'mabuku: cimbalangondo. M'nkhalango zathu za Luangwa kapena Kafue mulibe nyamayi, koma nkhani ya ubweya wake njocititsa cidwi.

Mtundu wofala kwambiri kumeneko umachedwa cimbalangondo cakuda. Dzinalo limanena zoona kum'mawa kwa dzikolo, monga ku Maine ndi New York, kumene mlenje angathe kukalamba osaonapo ca mtundu wina. Koma akaloza kumadzulo, ku mapiri ouma a Colorado, Arizona ndi California, apeza kuti zambiri nzofiirira ngati dothi la katondo, zina zotuwa ngati udzu wa m'cilimwe. Mai mmodzi angathe kuyenda ndi ana awiri, wina wakuda bii, wina wofiirira. Ngakhale m'cigawo cimodzi ca Washington, za m'mbali mwa nyanja, kumene mvula siikata, nzakuda pafupifupi zonse, pamene za kumtunda zambiri nzofiirira. M'caka ca 2022 akatswiri, motsogozedwa ndi Emily Puckett wa pa yunivesite ya Memphis, anaonetsa kuti kufiirako kumacokera ku kusintha kwakung'ono m'cibadwa ca nyamazi, kumene kunayamba zaka zoposa 9,000 zapitazo.

Kumpoto kuli zodabwitsa zina. Cakufupi ndi Yakutat ku Alaska kumapezeka zocepa za ubweya wotuwa ngati phulusa. Pa zilumba za Princess Royal ndi Gribbell ku British Columbia, m'dziko la Canada, kuli zoyera mbee, zochedwa Kermode. Mwana woyera angabadwe kwa makolo akuda onse awiri, malinga ngati aliyense wa iwo ali ndi mbeu ya kuyerako m'magazi mwake. Ndipo ofufuza anapeza kuti masana zoyerazi zimagwira nsomba mosavuta kuposa zakuda, cifukwa nsomba ikayang'ana kumwamba siiona msanga cinthu coyera. Kupha coyera nkoletsedwa, koma lamulolo palokha linali loperewera: wowombera cakuda angakhale akupha kholo la zoyera zam'tsogolo. Ncifukwa cake mu 2022 boma la British Columbia linaletsanso kusaka zakuda m'madera ena a mitundu ya Gitga'at ndi Kitasoo Xai'xais. Ife tikuona kuti pamenepa anaganiza mwaukulu.

Vuto lalikulu kwa mlenje lili ku mapiri a Montana, Idaho ndi Wyoming. Kumeneko kumakhalanso cimbalangondo cina cacikulu ndi caukali, cochedwa grizzly, cimene mu 1975 cinaikidwa pa mndandanda wa nyama zotetezedwa. Naconso ncofiirira, ndipo zina mwa izo nzoderapo kwambiri. Mlenje wodalira mtundu wa ubweya, makamaka m'cisisira, amawombera nyama yolakwika nakayankha mlandu kubwalo. Kwa iwo amene amadziwa nchito yao ubweya suwerengedwa konse. Amayang'ana linunda pa mapewa, nkhope yolowa m'kati, makutu aafupi obulungira ndi zikhadabo zazitali: zimenezi ndiye grizzly. Cakuda cilibe linunda, nkhope yake njowongoka, makutu ngotalikirapo. Ku Montana munthu sapatsidwa cilolezo cosakira cimbalangondo cakuda asanapambane mayeso a kusiyanitsa nyama ziwirizi pa zithunzi.